Kabokosi komvera mopyola muyeso

Alendo akabwera kudzaona fakitale, kaya ndi ku Makata, ku Chirimba kapena ku Kanengo, amaonetsedwa malamba oyenda okha, mathanki onyezimira ndi mabotolo odutsa pamzere. Mwini phokoso lonselo saonetsedwa. Amakhala m'kabati yachitsulo yokhoma, ali phee, akuphethira timagetsi tobiriwira. Dzina lake ndi PLC. Ndi kompyuta yopanda Facebook, yopanda nyimbo, yodziwa ntchito imodzi basi. Imafunsa masensa ndi mabatani kuti zinthu zili bwanji, imawerenga malamulo amene munthu anailembera kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako imauza mamota, mapampu ndi mavalavu chochita. Ikatero imabwerera pamwamba n'kuyambiranso. Ulendo umodzi wotere ungatenge mamilisekondi 10, ndiye kuti pa sekondi imodzi yazungulira ka 100. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa yaliza anthu ambiri.

Kabokosika kanabadwira ku America. Mu 1968 kampani ya galimoto ya General Motors inatopa ndi makabati odzaza ma relay, amene ankafunika kumasula mawaya onse nthawi iliyonse akasintha mtundu wa galimoto. Dick Morley ndi anzake a ku Bedford Associates anapanga Modicon 084, ndipo mu 1993 kunatuluka muyeso wa IEC 61131-3 wokhala ndi zinenero zisanu zolankhulira ndi timabokositi. Amisiri akale a zamagetsi amakonda Ladder, chifukwa imaoneka monga chojambula cha mawaya chimene anaphunzira ku sukulu ya ntchito zamanja, ndipo magetsi akamayenda mzere umabiriwira pa sikirini. Anyamata a laputopu amakonda Structured Text, imene a Siemens amaitcha SCL. Iyi ndi ya mawu okhaokha, IF, THEN, ELSE, END_IF, mbale wake wa Pascal. Madala ena anati ataiona koyamba: "Ndiye makina akaima tizitani, tiziwerenga kalata?"

Nkhani zotsatirazi ndi zimene amisiri amauzana ku kantini. Mayina ndasiya dala, anthuwo akadali pa ntchito.

*

Mnyamata wina wongotuluka kumene ku koleji anapatsidwa ntchito yopepuka: kuwerenga makireti odutsa pa lamba. Analemba mzere waukhondo kwambiri, wakuti sensa ikaona kireti, nambala ikwere ndi 1. Anaiwala kuti kireti imatenga theka la sekondi kudutsa pa sensa, ndipo m'theka la sekondi limenelo PLC yafunsa kale ka 50 kuti "ukuona kireti?", sensa n'kumayankha mokhulupirika ka 50 kuti "eya".

Madzulo sikirini inati makireti 20,000. Bwana wamkulu anatsika pa masitepe akumwetulira, anagwira chanza aliyense mpaka wosesa. M'mawa mwake wa ku sitolo anawerenga, anapeza 400. Nkhani inafika pa mwana wakana phala. Anaitana mlonda wa pa geti.

"Bambo, makireti 19,600 atuluka usiku uno inu muli kuti?"

Mlondayo anavula chipewa, anayang'ana njinga yake yakapalasa imene inatsamira pa mpanda, n'kuyang'ananso abwana.

"Bwana, mukandipezera wakubayo mundiuze. Ndikufuna ndimufunse kumene amapopetsa matayala."

Mankhwala ake anali kachidutswa kotchedwa R_TRIG, kamene kamayankha kamodzi kokha, pa nthawi imene sensa yangoyamba kuona chinthu. Mizere iwiri. Mlonda sanapepesedwe mpaka lero.

*

Structured Text imafuna kuti lamulo lililonse lithe ndi kadontho kokhala ndi kamchira pansi pake. Ukakaiwala kamodzi pamwamba, kompyuta ikhoza kukuwerengera milandu yambirimbiri yofiira, ina yoloza mizere imene ilibe tchimo. Injiniya wina anakhala ola lathunthu akukanda pamutu, kapitawo ali chilili kumbuyo kwake, antchito onse atakhala pa mapaleti.

"Nanga chavuta n'chiyani, achimwene?"

"Ndachipeza. Panasowa semicolon."

Kapitawo anali munthu wadongosolo. Anapita ku ofesi, n'kulemba pa fomu yogulira katundu: semicolon, ziwiri, ina ikhale ya sipeya. A ku ofesi yogula zinthu anabweza fomuyo. Anati abwere ndi makoteshoni atatu.

*

Pali mtundu wa anthu oopsa kwambiri pafupi ndi PLC: amene amadziwadi kulemba mapulogalamu a kompyuta wamba. Mmodzi wa iwo anabwerekedwa kuchokera ku ofesi ya IT kuti athandize kudzaza thanki. Anaseka atamva ntchitoyo. Analemba WHILE, kutanthauza kuti bola thanki isanadzaze, tsegula valavu, bwereza, bwereza.

Pa kompyuta wamba zimenezi n'zanzeru. Koma PLC imamva za masensa kumayambiriro kwa ulendo, ndipo imatumiza malamulo kunja ikafika kumapeto. Munthuyu anaitsekera pakati. Inkangozungulira pa mizere itatu, kufunsa nkhani yakale yomweyo yakuti thanki sinadzaze, osatuluka kukaona ngati zasintha. Ngakhale valavuyo sinatseguke n'komwe, poti lamulo lake silinafike pa khomo. M'kati mwa PLC muli chowerengera nthawi chotchedwa watchdog, chimene pa Siemens chimadikira mamilisekondi 150 ngati palibe wachisintha. Ulendo ukapitirira pamenepo, pa makina akale a S7-300 opanda pulogalamu yolandira vutolo, zonse zimapita pa STOP. Fakitale yonse inangoti zii. Kunamveka wailesi ya mlonda.

"Koma pa laputopu zimayenda bwinobwino," anatero mnyamatayo, thukuta lili kamukamu.

Madala a zamagetsi anatola payipi pansi, n'kumupatsa.

"Chabwino mwanawe. Tsegula laputopuyo tithiremo."

*

Nambala ya mtundu wa INT ili ndi malo 16 okha osungiramo, choncho imathera pa 32,767. Ukaonjezerapo 1, pa makina ambiri imagudubuka n'kukagwera pa -32,768. Sikuwa, sipepesa.

Shifiti ya usiku pa fakitale ina ya zakumwa inagwira ntchito yotamandika. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha opareta anayang'ana sikirini, anapukuta m'maso, n'kuitana anzake.

"Akuluakulu, tabwerani. Usiku wonsewu tagwira, kukucha tili ndi ngongole ya mabotolo 32,000."

Wina anati aime pomwepo ngongoleyo isanakule. Wina, amene anafika Fomu 4, anaona kuti nambalayo ikucheperachepera lamba akamayenda, n'kunena kuti apitirize, mwina pofika masana akhala atabweza.

Wolemba pulogalamuyo ataitanidwa ku ofesi anabwera ndi mboni ya kunja. Anafotokoza za Ariane 5, roketi ya ku Ulaya imene inanyamuka ku Kourou, ku French Guiana, pa 4 June 1996, n'kuphulika patangotha masekondi pafupifupi 40, chifukwa pulogalamu inayesa kulowetsa nambala ya malo 64 m'kabowo ka malo 16. Nkhaniyo ndi yoona, ndipo anaifotokoza bwino, manja ali m'mwamba.

"Ndiye mukuona bwana, ngakhale akatswiri a maroketi zinawachitikira."

Abwana anagwedeza mutu.

"Ndamva. Koma yawoyo inaphulika kamodzi. Yakoyi ndi Lachinayi lililonse."

Anasintha INT kukhala DINT, imene imafika 2,147,483,647, n'kulumbira kuti nambala imeneyo palibe adzaifike. Mverani ina.

*

Pa fakitale ina panali makina opakira amene anagwira ntchito zaka zingapo osadandaula. Wolemba pulogalamu yake, mkulu wina amene anachoka kalekale, anaikamo DINT yowerenga mamilisekondi kuyambira pamene makina ayatsidwa, ndipo nthawi zina zonse za m'pulogalamumo ankaziyeza poyerekeza ndi nambala imeneyo. Tengani cholembera. Mamilisekondi 2,147,483,647 ndi masiku 24, maola 20 ndi mphindi 31. Akakwana, nambala imagudubuka, ndipo makina amayamba kudikira nthawi imene kwa iwo sidzafika.

Chifukwa chiyani vutoli silinkaoneka zaka zonsezo? Magetsi. Sankatha masiku 24 osathima. Akangothima, PLC inkazima, nambala n'kuyambiranso pa 0. Kuthimathima kumene tonse timakutukwana kunali kuchiza makinawo mwakachetechete, kwaulere.

Ndiye kampani inapeza ndalama, inagula jenereta yaikulu ndi mabatire oti PLC isamazime ngakhale kwa kamphindi. Anayatsa pa 1, ndi mapemphero ndi zokamba. Pa 25 makina anaima. Palibe alamu, palibe fyuzi yopsa, palibe fungo. Anazimitsa, anayatsa, anayenda.

"Akufuna malipiro," anatero aganyu. "Mwezi watha, nawonso ndi antchito."

Onse anaseka. Mwezi wotsatira makina anaima cha pa 19. Wotsatirawo cha pa 14. Apa kuseka kunachepa. Mayi wina wa ku malebulo ananena zimene onse ankaganiza:

"Awa ayamba za adivansi. Posachedwa mumva alowa banki m'khonde."

Ena anati pakufunika abusa. Ena, motsitsa mawu, anatchula za kwa asing'anga, poti mkulu wolemba pulogalamu uja akuti anachoka mosasangalala. Amene anatulukira chinsinsi ndi mtsikana wa pa atachimenti, yemwe sanatsegule n'komwe laputopu. Anatenga kope la opareta, analemba masiku amene makina anaima, anachotsera, n'kupeza kuti mpata wake ndi umodzimodzi nthawi zonse. Nambala 24.8 aliyense wodziwa DINT amaizindikira. Njira imeneyi ine ndimaiika pamwamba pa zida zonse zodula: kufunsa kaye kuti vuto limabwera liti, usanafunse kuti lili pa mzere uti.

Ndipo musaseke kwambiri anthu a kwathu. Mu 2015 bungwe la FAA ku America linachenjeza kuti zoyendetsa majenereta a ndege ya Boeing 787 zikhoza kuzima zonse zikakhala zoyaka masiku 248 mosalekeza, pa chifukwa cha mtundu womwewu, ndipo podikira pulogalamu yatsopano linalamula kuti magetsi a ndegeyo azizimitsidwa ndi kuyatsidwanso nthawi ndi nthawi.

Mtsikanayo atafotokoza zonse pa msonkhano, wa zachuma anakweza mkono.

"Pepani, ndimvetse. Mukuti tikanapanda kugula mabatire aja, makinawa bwenzi ali bwino?"

"Mwa njira ina, eya."

"Lisiti lake lidakalipo?"

*

Ina yachidule. Pampu inkakana kuyaka. Wolemba pulogalamu woyamba analoza mzere 40: "Onani, ndaiuza kuti iyake." Zinalidi choncho. Koma pa mzere 900 mnzake wa chaka chatha anaiuza pampu yomweyo kuti izime. PLC siikangana ndi munthu. Imalemba la woyamba, imafufuta, imalemba la wachiwiri, ndipo lopita ku pampu ndi limene lalembedwa komaliza. Awiriwo anakangana mpaka nthawi ya nkhomaliro, aliyense ali ndi umboni pa sikirini. Manejala atamva kuti wopambana ndi wolankhula komaliza anaoneka wokhutira kwambiri. Anati iye wakhala akuyendetsa kampani motero kuyambira kale, ndipo sankadziwa kuti ndi sayansi.

*

Makina osakaniza ankayenera kutakasa mphindi zitatu. M'mawa, mtanda woyamba unkatuluka wosalala bwino. Wachiwiri ndi ena onse mota inkangoti ng'wii, n'kuima, zosakaniza zili mibulumibulu.

Chowerengera nthawi cha TON n'chosavuta: ukachipatsa TRUE chimayamba kuwerenga, nthawi ikakwana chimati "yakwana", ndipo chimafufuta zonse pokhapokha chikaona FALSE. Koma wolembayo anachiika m'kati mwa IF imene inkawerengedwa mota ikamayenda basi. Mota ikaima, PLC inkadumpha chigawo chonsecho. Chowerengeracho sichinaonepo FALSE, chinangotsala ndi mawu ake omaliza m'kamwa. Mota ikangoyambanso, chinkayankha nthawi yomweyo kuti "yakwana".

Kampani inaitanitsa katswiri ku Johannesburg. Tikiti ya ndege, hotela, galimoto yokamutenga ku Chileka. Anafika, ndipo monga amachitira akatswiri onse, anayamba ndi kuzimitsa PLC n'kuiyatsanso. Chowerengera chinafufutika. Anayesa mtanda umodzi: mphindi zitatu ndendende. Anasaina pepala, anadya chambo, anakwera ndege. Asanafike ngakhale pa Tete mumlengalenga, mota inali itayambiranso ng'wii.

Anamuitananso. Anazimitsa, anayatsa, anayesa kamodzi. Mphindi zitatu. Ulendo uno anayang'ana opareta ndi diso lokayikira.

Atapita, opareta anaima kutsogolo kwa makinawo manja ali m'chiuno.

"Taonani. Amagwira bwino ntchito pakakhala mlendo basi."

Mnzake sanatukule n'komwe mutu pa chimene ankachita.

"Nanga akhala nafe zaka zingati?"

*

Thumba la ufa liyenera kutsekedwa likafika makilogalamu 50. Wolemba pulogalamu analemba zomwezo: kulemera kukafanana ndi 50.0, tseka chitseko. Koma sikelo imapereka nambala ya mtundu wa REAL, ya madesimali, ndipo ufa ukamagwa mwamphamvu, ulendo uno PLC imaona 49.97, ulendo wotsatira 50.04. Pa 50.0 penipeni sipanapondedwe. Chitseko chinakhala chotsegula, chikudikira mokhulupirika. Thumba linadzaza, linasefukira, ufa unafika m'mawondo.

Kapitawo anatuluka m'chipindamo ali mbuu kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, maso okha akuoneka.

"Koma munanena nokha kuti liime pa 50," anadziteteza wolembayo.

"Achimwene, minibasi ikakupitirizani pang'ono pa siteji yanu, mumangokhala chete mpaka ku Mwanza poti sinaime ndendende?"

Chizindikiro chimodzi chinaonjezedwa, chakuti "kufanana kapena kupitirira". Aganyu amene ankaloledwa kutenga zosesa sanamulonjere wolembayo kwa mlungu wathunthu.

*

Sikuti nthawi zonse wolakwa ndi wa laputopu, ngakhale kuti ndiye amayamba kuitanidwa. Makina amene ayenda zaka zisanu ndi pulogalamu imodzimodzi akaima lero, anthu amathamangira kunena kuti pulogalamu yasokonekera, ngati kuti mizere imasuntha yokha usiku. Mawu sachita dzimbiri. Zimene zimachita dzimbiri, kumasuka, kunyowa ndi kudyedwa zili kunja kwa kabati.

Sikirini inkati thanki ya madzi yadzaza 118 peresenti. Pampu yodzazira, pomva kuti thanki yadzaza mpaka kupitirira, inakana kuyamba. Opareta anagogoda thankiyo ndi sipanala, inalira ngwee, mulibe ngakhale dontho.

Masensa otere amalankhula ndi mphamvu ya magetsi ya pakati pa 4 ndi 20 mA. Amayambira pa 4 dala, osati pa 0, kuti thanki yopanda kanthu isiyane ndi waya woduka. Pa Siemens, 20 mA imasanduka nambala 27,648, ndipo makadi ambiri, ukawauza kuti aziyang'anira waya, amatumiza 32,767 waya akaduka, kutanthauza kuti "musandikhulupirire". Wolemba pulogalamu sanaike mzere womva chenjezo limenelo. Anangogawa 32,767 ndi 27,648, n'kupeza 118 peresenti.

Injiniya anakhala pa ndowa yovundikira kuyambira m'mawa, akuwerenga mizere. Mayi wosesa anamuzungulira ndi tsache kawiri, kachitatu anaima.

"Achimwene, pepani kulowerera za ophunzira. Koma kuseri kwa thankiko kukununkha khoswe."

Anapezadi khoswe, ndi waya ali zidutswa ziwiri. Pa lipoti injiniya analemba moona mtima. Choyambitsa: khoswe. Chofunika kuchita: mphaka. Lipotilo linayenda maofesi atatu, n'kubwerera ndi funso la a ku ofesi yolemba antchito, lofuna kudziwa ngati mphakayo akhale wa ganyu kapena wokhazikika.

*

Pali batani pa laputopu lotchedwa force. Limauza PLC kuti isamvere sensa, imvere iwe: ukati chitseko n'chotseka, n'chotseka, ngakhale chili pululu. Ndi lothandiza poyesa makina kwa mphindi zochepa. Vuto ndi lakuti mphindi zochepa za pa fakitale zimatha kukwana zaka.

Injiniya watsopano anatsegula kabati ina n'kuona kachidutswa ka tepi yakuda pa S7-300. Anamatula. Pansi pake kanyali kachikasu ka FRCE kanali kuyaka.

"Aka kayaka liti?"

"Kalekale. Kankatisokoneza maso, ndiye tinamata."

Anachotsa force ija. Lamba anaima nthawi yomweyo, pulogalamu ikuti sensa ya kumapeto sikuyankha. Anatsata waya mpaka kumapeto kwake, anapeza mabauti awiri ndi fumbi.

"Sensa ya apa ili kuti?"

"Ija? Tinabwereka. Ili pa makina enawo, ikugwira bwino kwambiri."

Apa ndiseke pang'ono chabe. Sensa ya kumapeto kwa lamba ikanamizidwa, chotayika ndi mabotolo. Ya pa chitseko chotchinga mipeni ikanamizidwa, chotayika ndi dzanja la munthu. N'chifukwa chake batani lofiira loimitsira makina pangozi siliyenera kudalira mzere wa pulogalamu wamba umene aliyense wa laputopu angaupotoze. Limafuna mawaya akeake ndi relay yachitetezo, kapena PLC yopangidwira chitetezo. Amene amamata tepi pa zimenezo asamapatsidwe kiyi wa kabati.

*

Magetsi akathima, PLC imaiwala nambala zonse kupatula zimene wolemba anaziika chizindikiro cha RETAIN. Pa fakitale ina, miyeso yonse ya uvuni, kutentha, liwiro la lamba, nthawi yoziziritsa, inalibe chizindikirocho. Magetsi akabwera, zonse zinkakhala 0. Munthu mmodzi yekha, madala ena a zaka zambiri pa ntchito, ndiye ankadziwa nambalazo. Anazilemba m'kakope kamene kankagona m'thumba la ovolosi yawo. Kaya ndi pakati pa usiku, kaya ndi Lamulungu, galimoto inkapita ku Ndirande kukawatenga, ndi alawansi yake.

Mnyamata wina wachangu anakonza vutolo pa mphindi zisanu, n'kuthamanga kukawauza uthenga wabwino.

"Madala, tsopano muzigona mtendere! Makina azikumbukira okha."

Madalawo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanawe, malata a nyumba yanga atsala asanu ndi limodzi. Sukanadikira dzinja lithe?"

*

Funsani pa fakitale iliyonse kuti pulogalamu yeniyeni ya makina awa ili kuti. Akutsegulirani foda. Muli final, final2, final_new, final_yeniyeni, final_yeniyeni_Lachiwiri ndi ina yotchedwa osagwira. Imene ili m'makinamo si iliyonse mwa izi. Inapita ndi laputopu ya munthu amene tsopano akugwira ntchito ku migodi ya ku Moatize ndipo sayankha foni.

Mungati tingoikopera kuchokera mu PLC momwemo. Pa S7-300 mupezadi pulogalamu, koma yovula: mayina a zinthu mulibe, ndemanga za wolemba mulibe, ndipo zimene zinalembedwa mu SCL zimabwera zitasanduka timalamulo tating'onoting'ono ta STL. Wina amene anachita mwayi n'kupeza fayilo yokhala ndi ndemanga anaitsegula ndi chimwemwe. M'mizere 2,000 munali ndemanga imodzi, ya m'Chichewa chomveka bwino: "Osachotsa mzere uwu. Sindikudziwa chimene umachita, koma ukachotsa kompuresa imazima."

Pansi pake wina anaonjezera: "Zoona."

*

Mu 2010 dziko linamva za Stuxnet, kachilombo ka pa kompyuta kamene kankayenda pa mafulashi, n'kumasaka ma PLC a Siemens, ndipo kanawononga makina opota uranium ku Natanz, m'dziko la Iran. Ambiri amati kanapangidwa ndi America ndi Israel. Manejala wina wa fakitale yofinya mafuta a soya anaonera filimu ya nkhaniyi, ndipo kuyambira tsiku limenelo chilichonse chinali Stuxnet. Fyuzi ikapsa, Stuxnet. Lamba akaduka, Stuxnet.

Ndiye kunabwera vuto lomuyenera. Tsiku lililonse, 10 koloko m'mawa, sikirini ya m'chipinda choyang'anira inkasiya kulankhulana ndi PLC. Nambala zonse zinkauma. Pakatha mphindi khumi zinkabwerera zokha. Loweruka ndi Lamulungu, ngakhale makina akuyenda, kunalibe vuto.

"Mwaona? Kachilombo kodziwa kalendala! Aka n'kochokera kunja."

"Bwana," anatero wa zamagetsi, "a ku America alimbane ndi soya wathuyu chifukwa chiyani?"

"Iwe sudziwa ndale za dziko."

Analetsa mafulashi onse. Anafufuza pulogalamu mzere ndi mzere kusaka paliponse potchula 10 koloko, osapeza. Pomaliza wa zamagetsi uja anangotenga mpando, n'kukhala m'kachipinda ka mawaya a netiweki kuyambira 9 koloko, osagwira kanthu. Itatsala pang'ono kukwana 10, chitseko chinatseguka. Analowa mesenjala wa ku ofesi ndi ketulo, anapereka moni mwaulemu, anazula pulagi ya kabokosi kolumikiza mawaya a netiweki, n'kulowetsapo ya ketulo.

"Akulu! Mukudziwa chimene mwazulacho?"

"Ndimabwezeretsa ine, madzi akangowira. Soketi ya ku khitchini inapsa chaka chatha, fomu ndinalemba."

"Ndiye tiyi ameneyu ndi wa ndani?"

Mesenjalayo anadabwa ndi funsolo.

"Wa abwana. Amati 10 koloko isamapitirire, ndi nthawi imene amakhala pa msonkhano wa za kachilombo kaja."